Manja a Buluu a Tiyamike

Tsiku lomaliza kumuona mlongo wanga Tiyamike ali moyo, anachokera kumunda akuvina, manja ali m'mwamba, a buluu mpaka m'zigongono.

Masiku ano mankhwala opha mbozi amawasakaniza ndi utoto, ndipo lamulo limati wopopera asakhudze chakudya mpaka utotowo utasuluka. Amadyetsedwa ndi abale ake.

"Mbozi zikugwa ngati mvula, achimwene!" anakuwa. "Chaka chino tidya! Sendani mango, ine khanda lanu ndili ndi njala."

Ndinamudyetsa pakhonde. Anandiluma chala dala, amayi n'kuseka mpaka kugwira nthiti.

"Kukoleji munathawa, koma kulera mumatha," anatero Tiyamike, malovu akutsikira pachibwano. Ndinamupukuta, tonse tikuti ndi kukoma kwa mango. Thukuta linali kamukamu, ndipo timadontho takuda ta m'maso mwake tinachepa ngati njere za mpiru.

Zoti mankhwalawa amalowera pakhungu n'kusokoneza mitsempha mpaka munthu kulephera kupuma, amaphunzitsa chaka chachitatu kukoleji kuja. Ine ndinalekezera chachiwiri. Ndinathamangira kutsidya kukamutcholera mango ena.

Chimanga chinabereka ziwiriziwiri paphesi. Tiyamike tinamuika m'manda pa 9 Januwale 2061.