Telala Amene Anasuzumira Pakati pa Zala

Panali munthu wina, telala wodwala shuga, ndipo nkhaniyi ndi yoona anzanga, ine mpaka pano mtima ukungoti phaphapha! Mkazi wake anamukokera kuchipatala cha maso. Namwino anamuuza kuti atseke diso lamanja ndi dzanja, awerenge zilembo pakhoma. Lamanzerelo linangoona utsi. Ndiye mukudziwa zomwe anachita? Anatsegula zala pang'ono n'kuwerenga zonse ndi diso labwinolo!

"Mwakhoza, bambo," anatero namwino. "Komabe lowani umo akujambuleni mkati mwa diso. Shuga amawononga mwakachetechete."

"Wokhoza mayeso amabwereza kalasi?" anaseka telala, uyo watuluka.

Panja mkazi wake anati, "Ndakuonanitu, bambo a mwana."

"Khala chete iwe. Makasitomala akamva kuti telala saona, abweranso ndani?"

Panapita miyezi. Tsiku lina akusoka diresi laukwati, anaona msoko wakhota ngati njoka. Anaumasula, kusokanso, wakhotanso! Mkazi wake anaikapo rula. Msoko uli chilili, wowongoka bwinobwino.

"Wakhota si msoko, bambo, ndi maso anu. Nyamukani!"

Kuchipatala dokotala anamukhazika pamakina, chibwano pakachitsulo. "Yang'anani kanyali ako, musaphethire." Popanda mpeni, popanda ululu, kuwala kokha basi! Pakompyuta panaoneka kansalu kakumbuyo kwa diso kamene timaonera, kali mizeremizere ngati nsalu zosanjikiza.

"Lamanzereli linatupa kalekale, pano ndi chipsera. Pakati pake sipadzaonanso," anatero dokotala. "Ili ndi lamanja. Taonani chithuza ichi, madzi ayamba kulowa pakati pa mizere."

Telala anagwira pakamwa. "Adokotala, nalonso lapita?"

"Mukanachedwa, likanapita. Koma ili tilimbana nalo."

Anayamba kulandira jakisoni wam'diso. Eya, m'diso mwenimwenimo! Munthu wamkulu ankachita kugwira dzanja la mkazi wake. Koma imvani zokoma tsopano: atamujambulanso, chithuza chija chaphwa! Diso lapulumuka! Mkazi wakeyo anakuwa ndi chimwemwe mpaka alonda anathamangira, kuyesa kwagwa maliro.

Lero telala akusoka ndi diso limodzi, ulusi pasingano amamulowetsera ndi mkazi wake.

Phunziro: Ukanamiza namwino, wakhungu amakhala iwe, osati iye. Akakuuzani kuti mukajambulitse mkati mwa diso, pitani lisanayambe kuona zokhota. Chonde chonde, tumizirani amayi, amalume ndi aliyense wodwala shuga, musangowerenga n'kukhala chete!