Pepala Lolowera Kunsi kwa Chitseko

Atamva loko akulira kunja kwa chitseko, Reinford anayesa ndi mwambo wa mayeso.

Anzake onse anali atakwera kuchipinda cham'mwamba kukalemba mayeso omaliza. Koma poti njinga ya olumala sidziwana ndi masitepe, akuluakulu a koleji anamukonzera iye malo apadera pansi, m'chipinda chosungiramo makasu ndi fetereza. Mdala wosunga chipindacho, poti dzanja linazolowera, anangokhoma osasuzumira, n'kukwera kabaza wa ku Mponela kiyi ali m'thumba.

Pamwamba mipando inakokedwa, kenako kunangoti zii. Anzake anali atayamba kulemba. Kuphonya pepala limeneli kunali kubwereza chaka chonse.

"A Elifala!" anakuwa poitana woyang'anira mayeso. "Mwanditsekera ngati mbuzi yopita kumsika mawa!"

"Mtima m'malo, achimwene, pano sitisala munthu," anayankha a Elifala ali panja, akupuma wefuwefu. "Mwini kiyi tamuimbira, akuti angometetsa tsitsi abwera. Inu yambani kulemba. Takuwonjezerani mphindi makumi atatu, mwachiona chikondi?"

Pepala la mafunso linalowera kunsi kwa chitseko, n'kutsetsereka pasimenti mpaka kukaima pafupi ndi tayala la njinga. Nsapato za a Elifala zinamveka zikukwera masitepe, mwini wake akuimba mluzu.

Reinford anawerama mpaka pamene msana wake umalekezera. Anatambasula zala, koma zinangokanda mphepo.

Pepalalo linali litagona chafufumimba, mafunso onse ali pansi.