Thabwa Louma la Alamu

Mphenzi anagunditsa tesita yoyezera magetsi pa waya wofiira. Kababu ka tesitayo sikanayake. Anagunditsanso, koma kunali zii. Wayayo analibe moto. Apa mkuluyu anamwetulira, kumwetulira kuja kumene amagetsi anzake akangokuona ankayamba kusuzumira m'nsapato zawo asanavale.

Pantchito yawo panali lamulo limodzi limene ngakhale iye sankaseweretsa. Wothimitsa magetsi amazula fyuzi n'kuiika m'thumba mwake, kuopa kuti wina angaibwezeretse manja a mnzake ali m'mawaya. Tsikuli Mphenzi anafika mochedwa m'sitolo imene ankaikonzayo. Sanafunse n'komwe. Anangoganiza kuti fyuzi yapita ndi akapitawo, amene anali atatuluka kukagula masiwichi.

Malamulo ena onse ankawayesa nthabwala. Ankapaka girisi m'magolovesi a anzake. Ankamangirira zikwama za zida ku makwerero. Koma amene ankaona zakuda kwambiri anali alamu ake, achimwene a mkazi wake, bambo wojintcha koma wofatsa ngati ng'ombe yapangolo. Sabata yapitayo, dzanja la alamuwo lili m'bokosi la magetsi, Mphenzi anawamenyera chitini kumbuyo. Bambo wamkulu anadumpha, buluku n'kung'ambika msoko wonse amayi okolopa akuona.

Alamuwo anangogwirira buluku lawo n'kupitiriza ntchito. Amene anakalipa ndi akapitawo.

"Iwe Mphenzi, ukangochitanso chibwana china, ulongedze zida zako uzipita."

Mawuwa sanali opepuka, pakuti kunyumba kunali khanda lofuna sopo ndi matewera. Koma lero akapitawo kunalibe, waya anali wozizira, ndipo alamu anali pamakwerero kumapeto kwa chipindacho, mutu uli m'siling'i, akukhoma mapaipi a mawaya atsopano. Thumba la ovolosi yawo linali litatukumuka, ndithu ndi banzi la masana monga mwa masiku onse. Pakhoma pafupi nawo panatsamira thabwa louma gwa, limene anabwera nalo okha m'mawa. Munthu wa m'denga angadziwe bwanji zapansi? Mtima wa Mphenzi unayabwa. Paja mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

"Alamu, waya uyu akundikayikitsa, ngati ali ndi moto," anatero mokweza.

Kenako anamugwira ndi dzanja lonse n'kukuwa.

"Mayo ine! Andigwira! Ndikufa ine!"

Kunena zoona, mkuluyu anali ndi luso. Maso anatembenuza mpaka kutsala oyera okhaokha. Lilime linatuluka, mano akugwedera, miyendo ikuvina yokha pasimenti. Ankayembekezera kuti alamu agwa pamakwerero, aziitana makolo awo akufa, iye n'kuphulika kuseka.

Alamu sanagwe. Anatsika mwachangu chimene Mphenzi sanawaonepo nacho. Wamagetsi aliyense amadziwa kuti munthu wogwidwa ndi magetsi sumukhudza ndi manja, umamuchotsa ndi mtengo wouma. Ndiye anatola thabwa lija.

Phwa! pamkono. Mphenzi anasiya waya nthawi yomweyo.

Phwa! pamsana.

"Andisiya, alamu! Andisiya!"

"Ayi, mukunjenjemerabe! Limbani mtima, ndiwachotse onse!"

Phwa! pamatako. Mphenzi anagwa chafufumimba m'fumbi la simenti. Anatsegula pakamwa kuti aulule kuti zonsezi zinali zocheza chabe, koma atadzutsa mutu anaona nsapato pakhomo. Akapitawo anali ataima pamenepo, katoni ya masiwichi ili m'manja, maso ali tong'o.

"Chachitika n'chiyani muno?"

"Magetsi anawagwira, bwana," anayankha alamu uku akupuma mwawefuwefu.

Fisi akagwa m'mbuna sayankhula. Kunena kuti inali nthabwala kunali kudzichotsa yekha ntchito. Choncho Mphenzi anameza mawu ake n'kubuula mokweza, ndipo ulendo uno kubuulako kunali kwenikweni.

Akapitawo anaponya katoni pansi n'kuwagwira chanza alamu aja ndi manja awiri.

"Mukanapanda inu, bwenzi tikunena zina pano. Asadzuke ameneyu. Ndikatenge galimoto tithamangire kuchipatala, zofunsana tikafunsana uko."

Anatuluka chothamanga.

Mphenzi anagona pomwepo, thupi lonse likuyaka moto. Komabe penapake mumtima ankadzitama. Anali atapusitsa akuluakulu awiri nthawi imodzi, ndipo ntchito yake inali itapulumuka. Koma atayang'ana alamu ake, thukuta lili kamukamu, thabwa likadali m'manja, kudzitama konse kunatha. Manyazi anamugwira. Munthu amene anamung'ambitsa buluku pagulu ndi yemweyo amene anathamangira kudzamulanditsa ku imfa, osaganiza kawiri. Misozi inalengeza m'maso mwake, ina ya thabwa, ina ya chisoni.

"Alamu, mwandipulumutsa," anatero motsitsa mawu. "Ine ndakhala ndikukuzunzani, inu osasunga kanthu kukhosi. Zoonadi chibale ndi fupa, sichiola."

"Musadandaule, alamu. Mlongo wanga sangakhale wamasiye ine ndikuona."

Anatsamiritsa thabwa lija pakhoma mosamala, ngati chida chimene chagwira bwino ntchito yake. Anasuzumira panja, kenako anapisa dzanja m'thumba lotukumuka lija. Munalibe banzi. Anatulutsamo fyuzi.

"Muzibuulabe choncho," anatero. "Ndikabwezeretse iyi akapitawo asanabwere, angatulukire kuti waya uja analibe moto. Ndakhala nayo chizulireni m'mawa."