Makina a M'dirowa

Wometa ankasesa tsitsi pansi pomwe a Maambulera anatulukira pakhomo, chipewa chili m'manja monga mwa nthawi zonse. Pabenchi panali a Tayi, kalaliki wopuma pantchito, amene ankabwera kudzameta ndevu komanso kudzagawa nzeru zomwe palibe anawapempha.

"Khalani pampando, madala," anatero Wometa kwa a Maambulera, koma sanawayang'ane kumaso.

M'shopu imeneyi munali makina awiri ometera. Ena anali onyezimira, ankakolekedwa pa msomali pambali pa galasi, ndipo ankameta anthu a m'derali. Ena anali akale, akuda, chingwe chake chomata ndi tepi. Amenewa ankakhala m'dirowa, okulungidwa m'kansalu, ndipo ankatuluka pokhapokha pakabwera munthu wa kuseri kwa njanji.

Anthu a kuseri kwa njanji anali obwera. Anathawa mavuto kwawo, n'kudzamanga timisasa kuseri kwa njanjiko. Ankalankhula chinenero cha kuno mokhotetsa lilime, ndipo chimenecho chokha chinakwanira kuti awapezere milandu yonse. Nkhuku ikasowa, ndi iwo. Mwana akatsokomola, ndi iwo. Atangoyamba kubwera kudzameta, a Tayi anamukokera Wometa pambali.

"Achimwene, mukawameta ndi makina omwewa, ife tisamuka. Zipere sitikuzifuna."

Wometa anali asanaonepo chipere pamutu pa aliyense wa iwo. Mitu ya zipere yomwe ankaidziwa inali ya pabenchi pomwepo. Koma benchi yopanda anthu sidyetsa ana, choncho anagula kansalu n'kutsegula dirowa. Anyamata a kuseri kwa njanji sanachedwe kuzindikira. Ankaona dzanja likudumpha msomali n'kulowa m'dirowa, ndipo mmodzimmodzi anasiya kubwera. Anatsala ndi a Maambulera okha, nkhalamba yokonza maambulera ndi zipi pakona ya msika.

Kuti mkuluyu ankadziwa, Wometa sankakayika n'komwe. Akafika podzatsegula dirowa, a Maambulera ankasiya kulankhula. Maso awo ankatsatira dzanja lake m'galasi mpaka kansalu katafunyululidwa. Kenako ankaweramitsa mutu mwakachetechete. Akanamukalipira zikanakhala bwino. Kukhala chete kumeneko kunkamudya Wometa mumtima, moti madzulo a tsiku lotero chakudya sichinkatsika.

Zinafika poipa mwezi wathawu, bambo ake a Wometa atamwalira. A Tayi anatumiza uthenga wopepesa pafoni, wa mawu ochepa ngati akulipira liwu lililonse. A Maambulera anabwera wapansi, atavala jekete lobwereka. Anakhala kumbuyo kwenikweni, pomwe palibe anawapatsa moni, ndipo anthu atabalalika anatsala n'kuthandiza kunyamula mipando. Wometa anawaona ali ndi mipando paphewa, msana utapindika, ndipo anachita manyazi kuposa chisoni cha malirowo.

Ndiye lero anali atatsimikiza mtima. Anawafunditsa nsalu, n'kuimanga pakhosi. Ankadziwa bwino lomwe kuti pakamwa pa a Tayi sipagona nkhani. Pofika mawa msewu wonse udzakhala utamva, ndipo makasitomala adzapita kwa mnyamata wotsegula kumene shopu kumtunda, amene ali ndi wailesi yakanema komanso mipando yozungulira. Lendi yake ankalipira ndi mitu ya pabenchi imeneyi.

Anatambasula dzanja n'kuchotsa makina onyezimira pa msomali.

A Tayi anatsitsa nyuzipepala. "Achimwene, mwasokoneza kapena?"

"Sindinasokoneze," anatero Wometa. Mawu anatuluka aang'ono, koma anatuluka.

"Chabwino. Ndevu zanga zikametedwa kwina." Anapinda nyuzipepala mwaulemu wonse wa munthu wolakwiridwa, n'kuima pakhomo. Sanachoke. Munthu wotere sangasiye nkhani ili pakati.

Wometa anayatsa makina aja. Analira bwino, mosalala, osati kukhosomola kwa akale aja. Anawayandikitsa kukhutu la mkuluyo, mtima ukumuuza kuti mwina lero mlandu wa zaka zonsezi uyamba kuchepa.

Dzanja linatuluka pansi pa nsalu n'kumugwira pamkono. Linali lolimba, lokakala ndi mawaya a maambulera.

Wometa anazimitsa makina. M'galasi, maso a nkhalambayo anali atadzaza misozi. Basi, nthawi yakwana, anaganiza motero. Andiuza zonse pamaso pa a Tayi, kuti ndachedwa, kuti munthu sumunyoza zaka zonsezi n'kudzamupepesa ndi makina. Ndipo ndiyenera kumva. Anaweramitsa mutu kudikira.

"Mwana wanga," anatero a Maambulera ndi lilime lawo lokhota lija, "ndakulakwira chiyani?"

"Simunalakwe, madala. Wolakwa ndi..."

"Nanga bwanji lero ukundimeta ndi makina a aliyense? M'tauni yonse ino palibe amene anandisungirapo kanthu, ngakhale kapu yamadzi. Iwe wekha unandisungira makina angaanga, okulunga m'nsalu, osakhudza mutu wa wina. Kwathu kuseri ndimadzitama nazo. Anyamata amandiseka, ine ndimawauza kuti ndi nsanje chabe, kuno ndili ndi mwana amene amandilemekeza."

Wometa anayang'ana a Tayi pakhomo, n'kuyang'ananso nkhalambayo. Anakoleka makina onyezimira pa msomali, n'kutsegula dirowa.