Mphunzitsi Wogona Chammbali

Chiyambire lamulo loti mwana wodwala asamajombe kusukulu, boma limatumiza mphunzitsi wa makina pakhomo. Wathu anabwera pa njinga: kabokosi kakuda ka diso limodzi, mawu ngati mlaliki wa pamsika.

Mwana wanga Mwandida anathyoka mwendo atagwa mumtengo wa mango, ndipo achipatala anamuika chikhakha mpaka m'chiuno. Ndinamuveka yunifolomu ali chigonere pamphasa, n'kuika kabokosiko pampando womwe mphaka wathu ankagonapo.

"Ophunzira aimirire popereka moni," kanatero.

"Aphunzitsi, sindingathe," anayankha Mwandida.

"Wosaimirira wajomba. Wojomba salemba mayeso."

Taonani nzeru za anthu ophunzira! Chinthu anachipangira odwala, koma chikufuna ulemu wa anthu a miyendo yabwinobwino. Ndinachichonderera, ndinachigwadira ngati apongozi, chinangobwereza zomwezo. Mwandida anayamba kudzikoka ndi zigongono, thukuta lili kamukamu ndi ululu.

"Gona pansi iwe!" ndinamukalipira.

Ndinatsitsa kabokosiko pampando n'kukagoneka chammbali padothi, pafupi ndi mbale yomwera nkhuku. Diso lija linamuyang'ana mwana wanga kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Mwaima mowongoka. Chitsanzo chabwino! Tsegulani buku la masamu."

Kuyambira tsikulo aphunzitsi amaphunzitsa chogona, nkhuku zikuwajompha diso. Akomiti ya sukulu atabwera anati ndikunyoza boma. Ndinawauza kuti mpando ulipo, awadzutse okha aphunzitsi awowo, akatero amuimiritsenso mwana wanga. Anangoyang'anizana, n'kukwera njinga zawo.

Aphunzitsi akadali padothi pomwepo, ndipo mpando ndinaubwezera kwa mphaka.