Bilimankhwe pa Chitenje cha Mayi Nkhanga

Padangotero, kudambo kudali msika wa masheya, ndipo Bilimankhwe adatsegulako kampani. Ali wobiriwira, adagulitsa magawo onse a mtengo wa mango kwa Anyani. M'mawa mwake adafiira n'kugulitsa mtengo womwewo kwa Agologolo. Atasanduka wachikasu, Mileme nayonso idagula ikuvina.

Mango atapsa, kudali chipwirikiti, aliyense akuti mtengowo ndi wake. Onse adathamangira kwa Mayi Nkhanga, woyang'anira msika.

"Adatigulitsa ndi wobiriwira," adatero Anyani.

"Bodza, ndi wofiira," Agologolo adatsutsa.

Bilimankhwe ataitanidwa, adabwera wotuwa ngati phulusa, akuyenda monyang'wa. "Mayi, ogulitsa amenewo ine sindikuwadziwa."

Mayi Nkhanga adaseka mpaka misozi, n'kuyala pansi chitenje chawo chamaluwamaluwa. "Lamulo latsopano, achimwene. Aliyense wogulitsa masheya aziyamba waima apa, onse akuona."

Bilimankhwe atangopondapo, khungu lidamukanika: mutu psuu, mimba biriwiri, mchira chikasu chokhachokha. Nyama zidagubuduka ndi phwete, kenaka zidamuzungulira.

"Makampani onse atatu afika," adatero Mayi Nkhanga akupukuta misozi. "Ayambe ndani kubweza?"