Chingwe Chofiira cha Pamkono

Makaniko anafika kushedi kutada, atakwiya kale poti anamusiyitsa chakudya. Boti linali litakhazikidwa pa matayala akale, louma gwa, mwini wake ataima pambali ndi tochi.

"Sabata yonse injini siikulira, ndiye musandiuze za mawa," anatero mwini botiyo.

"Unikani kuno, bambo, osati m'maso mwanga. Ine si mbava."

Makaniko anapala dzimbiri pa mitu ya batire, anayesa fyuzi, anatsuka mapulagi. Zonse zinali bwinobwino, koma akapotoza kiyi injini inkangokhosomola. Kenako anaona kuti pa swichi yozimitsira injini panalibe kanthu.

"Mwanditayitsa nthawi! Chingwe chofiira chimene woyendetsa amamanga pamkono chili kuti? Popanda chimenecho injini siilira, ngakhale mwana amadziwa."

"Chinapita ndi achimwene anga tsiku limene anagwera m'madzi. Sanapezeke. Ingolumikizani mawayawo mwachidule."

"Munali nawo m'botimo?"

"Ndakuitanirani mawaya, osati milandu."

Makaniko anatukwana chamumtima, n'kuchotsa batire kuti adule mawaya. Ali chinyamulire batirelo m'manja, injini inalira yokha.

Mwini boti anaunika pa swichi paja. Chingwe chofiira chija chinali pamalo pake, chikudonthezera madzi pa simenti youma, chitakungika kulowera kuseri kwa boti, kumene kuwala sikunkafika.

"Zimitsani!" anakuwa mwini boti.

Makaniko anaika batire pansi pang'onopang'ono, maso ali kukhomo.

"Zimitsani nokha, bambo. Si achimwene anu? Pitani mukawavule pamkono."